Usakaiwale Miyendo Yako ku Blantyre

Mwana wanga wokondedwa,

Za ndalama ndi za anyamata azakhali ako akulangiza kale, sindibwerezanso. Yanga ndi nkhani ya thupi lako.

Kuno ku Ntcheu sunaganizepo zolimbitsa thupi chifukwa ntchito inkakuyendetsa yokha: kupopa madzi pa mjigo, kusinja, kupalira, kusenza dengu la kachewere mpaka ku msika wa Lizulu. Ku Blantyre madzi ali pa mpopi, ufa ukagula wogaya kale, ndipo ku ofesi ukakhala pa mpando tsiku lonse maso ali pa kompyuta. Poweruka, minibasi ndi kabaza zidzakhala zikukudikira pa geti.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ukadzabwera pa Khirisimasi utanenepa, anthu kuno adzakuyamikira kuti tauni yakuyanja. Usadzakomedwe nazo, mwana wanga. Pa mzere wa odwala shuga ndi BP kuchipatala sipakhala nkhalamba zokha masiku ano, palinso amayi ndi abambo amene ana awo sanamalize n'komwe pulayimale. BP ndiye yoopsa, chifukwa munthu amatha kukhala nayo zaka osamva kupweteka kulikonse, mpaka tsiku limene wagwa, mbali imodzi ya thupi yafa. Minofu ikamagwira ntchito imatenga shuga wa m'magazi n'kumugwiritsa ntchito, mtima umalimba, magazi amayenda bwino. Koma ukamangokhala, nsima, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera zija zimasowa kopita.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zinthu zotenthetsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndiye kuti theka la ola, masiku asanu. Sizilira jimu kapena nsapato zodula ayi. Uzitsika minibasi siteji imodzi usanafike, kwinako uyende ndawala mpaka kathukuta katuluke. Pamene pali masitepe, kwera masitepe. Zovala uzichapa wekha, m'nyumba uzikolopa wekha, ngakhale malipiro atakulola kulemba wantchito.

Ndipo mpira wa ntchemberembaye uja unkaukonda kusukulu usakausiye. Kafunse ku tchalitchi kapena kuntchito kumene atsikana anzako amasewera Loweruka. Miyezi yoyamba udzatisowa kwambiri, ndikudziwa, ndipo munthu wodzitsekera m'chipinda ndi foni maganizo amamuchulukira. Thupi likatopa ndi masewera tulo timabwera bwino, mtima umapepuka, anzako abwino umawapezanso komweko. Mapiri a Michiru ndi Soche ali pafupi, mukakwere ndithu, koma pagulu komanso dzuwa likanali. Kukada usayende wapansi, pamenepo kwera galimoto.

Ukangokhazikika upite kuchipatala akakuyeze BP, manambala ake uwalembe, undiwerengere tikamadzalankhulana pa foni. Bambo ako ndi azing'ono ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.