Kulondola mbumba kunsi kwa phiri la Mulanje

Ntchito yanga ilibe chikwangwani pamsewu. Anthu kuno amangoti "uja wofufuza za makolo", ndipo wondifuna amafunsira pa Chitakale kapena kutchalitchi mpaka wina amulozere pakhomo panga. Ndimalondola mbiri za mabanja: uje anabadwa mwa yani, anatulukira kuti, anagona manda ati. Ondituma ambiri ndi zidzukulu za matchona, obadwira ku Bulawayo, ku Harare, ku Kitwe kapena ku Johannesburg, amene anakula akumva kuti kwawo ndi ku Mulanje koma mudzi wake sakuudziwa. Ena ndi akonkuno, ofuna kudziwa tsidya lija la mtsinje wa Muloza kumene makolo awo anachokera.

Pafupifupi aliyense amabwera ndi dzina la mwamuna. Ine funso langa loyamba limakhala lakuti, "Nanga amayi awo anali a kwa yani? Anali ndi alongo?" Ambiri amadabwa, koma ntchito yonse yagona pamenepa. Kuno ndi kwa chikamwini. Mlhomwe, Mmang'anja ndi Myao, onse amawerenga mtundu kuchikazi. Mwamuna amakalowa kwa mkazi, ukwati ukatha amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, ana ndi munda zimatsala ndi mbumba. Pomwe mapepala ambiri akale analembedwa potsata mwamuna: iyeyo ndiye ankadula msonkho, ankagwira thangata pa esiteti, ankalembedwa usilikali wa KAR ku Zomba, ankakwera ndege ya Wenela. Kalaliki analibe naye ntchito mlongo wake wotsala pamudzi. Ndiye kaundula amadziwa amuna, mudzi umadziwa akazi, ndipo ine ndimayenda pakati pawo kuti ndiwakumanitse.

Dzina lenilenilo silidalirika. Mwamuna wobadwa cha m'ma 1920 akhoza kukhala ndi maina anayi: laubwana, lina lakusimba atavinidwa, lina laubatizo, ndi lina limene anadzitcha kapena kumutcha kapitawo tsiku lolemba tikiti. Wothawa ngongole ya msonkho ankasinthiratu dzina akafika dera lina. Wina ankatenga chitupa cha msuweni wake kuti aloledwe kupita ku Rhodesia, n'kufa nalo dzina la mwiniwake. Chiwongo kapena dzina la bambo limene lero timaliyesa la banja lonse, kwa ambiri linakhazikika posachedwa, kusukulu ndi kumaofesi.

Kuti uzimvetse za Mulanje uyenera kudziwa mmene anthu anadzazira dera lino. Mu 1890 Robert Cleland wa mpingo wa Church of Scotland anayamba mishoni kuno, ndipo chaka chotsatira Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood. Chaka chomwecho cha 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana malire, mtsinje wa Ruo n'kukhala mpanda pakati pa abale. Kuyambira m'ma 1890 Alhomwe anayamba kuwoloka m'magulumagulu, kuthawa chibalo ndi nkhanza za Apwitikizi, ena kuthawa njala. Kalembera wa 1921 anawapeza oposa 120,000 m'dziko muno, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Ambiri anafikira m'minda ya azungu, kumene malo okhala ankalipira ndi thukuta. Chotero banja likandiuza kuti "kwathu n'kwa Mabuka" kapena "kwa Njema", ndimadziwa kuti mwina kumeneko n'kumene anakakhazikika kachiwiri kapena kachitatu, ndipo ndimafunsa esiteti imene anayambira: Lauderdale kodi, Ruo, Lujeri?

Ku Zomba, ku National Archives of Malawi, ndimapitako ndikasonkhanitsa kale zapakamwa. Nyumbayi inayamba mu 1947. Wopita kumeneko adziwiretu kuti moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu February 1919 unapsereza mafaelo ochuluka a zaka zoyambirira, choncho za m'mbuyo mwa chakacho zimapezeka zoperewera. Adziwenso kuti m'mafaelo boma lino linkalembedwa "Mlanje", ndipo Phalombe inali mbali yake mpaka 1998. Ambiri amataya nthawi kufunafuna Phalombe m'mapepala a atsamunda. Alhomwe nawo anabisika pansi pa dzina lonyoza lija la "Anguru", limene Lewis Bandawe ndi bungwe lake la 1943 analimbana nalo kuti lichoke. Limandiwawa kuliwerenga, koma wosalifufuza sapeza kanthu. M'mafaelo a DC simupezeka kawirikawiri dzina la munthu wamba. Chimene ndimatolamo ndi mndandanda wa nyakwawa ndi mafumu awo, midzi imene inasamutsidwa, ndi milandu ya malo, momwe mboni zinkatchula amayi ndi atsibweni awo mmodzimmodzi. Mlandu umodzi wa munda ukhoza kundipatsa mibadwo itatu.

Zaka sindifunsa ndi manambala. Agogo ukawafunsa chaka chimene anabadwa amangokuuza chimene chinalembedwa pa chiphaso cha unzika mu 2017, ndipo chimenecho nthawi zambiri anachita kuyerekeza. Ndimafunsa kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kutunga madzi kapena anali kumbuyo. Amayi awo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915 anali namwali kale? Atsibweni ananyamulako katundu wa asilikali ngati mtengatenga? Mwana woyamba anabadwa chitaganya chisanathe mu 1963, kapena ndalama itasintha kale kukhala kwacha mu 1971? Amene anabwerako ku migodi ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 amakumbukika bwino, chifukwa anabwera ambiri nthawi imodzi Kamuzu ataletsa ulendowo. Ndikamangirira moyo wa munthu pa zikhomo zoterezi, zaka zimadzisanja zokha.

Mayi wina wa ku Bulawayo anandibweretsera chitupa cha agogo ake aamuna, chopindidwa kanayi, chofewa ndi thukuta la m'thumba. Panali dzina lachizungu, dzina la bambo, boma la Mlanje, mfumu yaikulu, ndi dzina la nyakwawa lolembedwa mmene kalaliki wa Chindebele analimvera. Ndinalitchula mokweza m'njira zosiyanasiyana kufikira linafanana ndi mudzi umene ndimaudziwa chakunsi kwa msewu wa Muloza. Tinayambira kwa amfumu, monga mwa mwambo, ndipo anaitana akuluakulu. Dzina la pachitupa palibe analidziwa. Mlendo wanga nkhope inagwa. Pamenepo ndinasiya dzina n'kufunsa kuti ndi mbumba iti imene mwamuna wake anapita ku Rhodesia njala itangotha osabweranso.

Anganga ena amene anakhala kumapeto kwa mphasa akutongola chimanga anaimika manja. "Ameneyo ndi amalume anga," anatero, n'kutchula dzina lina lachilhomwe. "Anatumizako bulangete limodzi ndi poto kwa amayi, kenako zii. Amayi anamwalira akuwatchula." Ndinafunsa ngati anali ndi chizindikiro pathupi. Anati chala chakumanzere chinaduka ndi chikwanje akusadza tiyi. Mayi wa ku Bulawayo uja anagwira pakamwa, chifukwa chala chimenecho ankasewera nacho ali mwana. "Mwanangu, sendera kuno ndikuone," anatero anganga aja, ndipo anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, kumuyang'ana mphumi ndi makutu.

Misozi si umboni wokwanira, ngakhale ine ndemwe inandilengeza. Anthu oduka chala m'minda ya tiyi analipo ambiri, ndipo mudzi wosauka ukaona mlendo wa galimoto ukhoza kumukumbuka msanga. Tsono tinapita kutchalitchi kumene banjalo linkapemphera. Mlembi wa mpingo anatulutsa m'kabati buku laubatizo lachikuto cholimba, kumsana kwake kutadyedwa ndi chiswe, inki itasanduka yofiirira. Masamba otere sunyambita chala potsegula, umalowetsa kapepala pansi n'kunyamula tsamba lonse. Pa mzere wina wa m'ma 1930 panali dzina lachilhomwe lija, pambali pake dzina lachizungu la pachitupa, kenako mudzi, ndipo mzere wotsatira tsiku lomwelo panali mtsikana wa mudzi womwewo, amene anali amayi a anganga aja. Mlongo ndi mlongo wake anabatizidwa limodzi. Mabuku a mipingo ndimawalemekeza pa chifukwa chimenechi: ndi ena mwa ochepa akale amene ankalemba mkazi ndi dzina lake. A Katolika ankalembanso makolo onse awiri ndi nkhoswe ya ubatizo, ngakhale maina ankawapotoza kuti amveke Chilatini.

Mlendoyo ndinamufotokozera poyera kuti pamwambo wa kuno iye ndi mwana wa kuchimuna: adzalandiridwa, adzamuphera nkhuku, maliro adzamuuza, koma munda alibepo. Ndimanena zimenezi msanga pamaso pa mbali zonse ziwiri, chifukwa mantha a malo ndiwo amatseka pakamwa pa anthu. Mwinimbumba akangoganiza kuti wabwerayo akufuna dimba, ngakhale dzina la amake amaliiwala.

Kumanda sindilowa popanda chilolezo cha amfumu, ndipo ndimatsagana ndi adzukulu okumba manda. Mitumbira yakale ilibe zolemba, koma iwowa amadziwa kuti chigawo ichi n'cha mbumba yakuti, ndipo woikidwa kumutu kwa uje ndi mwana wake. Kagonedwe ka anthu kumanda kamandiuza ubale umene amoyo anasiya kuutchula. Mkamwini amene sanaikidwe kwa mkazi wake ndimamulondola kumene maliro ake ananyamulidwira, ndipo kumeneko ndiye kwawo kwenikweni.

Ntchito imene ndimaikana ndi ya ufumu. Amabwera anthu atanyamula kale yankho, akufuna ndiwalembere mndandanda wosonyeza kuti mpando ndi wa bere lawo, kuti akaupereke kwa DC kapena kukhoti. Ndimawauza kuti ndidzalemba chimene ndapeza, ndipo mbali inayo ikafunsa ndidzaiwonetsa pepala lomwelo. Ambiri sabweranso. Pepala limene ndimapereka kwa banja limakhala ndi mizati iwiri, wina wa zimene ndinawerenga m'buku ndi tsamba lake, wina wa zimene ndinamva ndi amene anandiuza. Pamene ziwirizi zikutsutsana ndimazisiya zikutsutsana. Mdzukulu wam'tsogolo akhoza kudzapeza buku limene ine sindinalione.

Tsidya la Muloza mapepala amatha, ndipo chimatsala ndi mtundu. Pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde anthu amavina tchopa limodzi, koma ine ndimafuna kumva ngati banja ndi la Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa kapena Amarenje, chifukwa gulu lililonse linali ndi dera lake pakati pa Milange ndi phiri la Namuli. Nkhalamba imene Chilhomwe inasiya kuyankhula imakumbukabe mawu amene amayi ake ankaitanira nkhuku kapena kutukwanira mwana, ndipo katchulidwe kake kamaloza gulu. Mawu amenewo ndimawajambula pafoni.

Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anandisinthira kagwiridwe. Madzi ndi miyala zochokera kuphiri zinakokolola nyumba, manda ndi masutikesi momwe anthu ankasungamo makadi aubatizo, zithunzi ndi makalata a matchona, makamaka chakumadera a Muloza. Kuyambira pamenepo sindidikira wondituma. Ndikamva kuti mpingo wakuti uli ndi buku lakale, ndimapempha abusa ndi akulu a mpingo kuti ndilijambule tsamba ndi tsamba, kope imodzi isale kwa iwo, ina ikasungidwe kwina kouma. Ndipo m'mudzi uliwonse ndimayamba ndafunsa kuti mayi wamkulu kuposa onse ndani, n'kupita kukakhala naye pamphasa ndisanatsegule buku lililonse. Chilimwe chino ndili m'midzi ya kwa Njema, mvula ikayamba ndidzasamukira kwa Chikumbu kumene misewu imapitika.