Batire la Njinga Likafooka

Bambo ena a ku Ulongwe adabwera kuchokera ku Joni ndi njinga ya magetsi. Chaka choyamba inkawafikitsa kumalire a Calómuè itasenza thumba la kachewere. Lero mphamvu imathera panjira, bambowo n'kumakankha uku akunyoza yemwe adawagulitsa.

Wogulitsayo alibe mlandu. Batire la lithium limadana ndi zinthu ziwiri: kuliyendetsa mpaka litatheratu, ndi kulisiya lodzaza pamalo otentha. Bambowa amachita zonsezi. Akangofika pakhomo amalitchaja likadali lotentha, ligone pamagetsi usiku wonse, kukacha litandale padzuwa kumsika. Anzathu a mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiwo angalire koposa.

Batire lotere limakhalitsa mphamvu yake ikamakhala pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Kulidzaza mpaka pakamwa n'kwa tsiku la ulendo wautali basi. Njinga ikaima nyengo ya mvula, batire alisunge pamthunzi lili theka.

Nanga tchaja yobwereka kwa aneba ija! Batire la mavoti 36 limafuna tchaja yotulutsa mavoti 42. Ya batire la 48 ikhoza kuyatsa nyumba yaudzu anthu ali m'tulo.