Mmene Ndinagonetsera Anzanga

Pa chuthi capitaci msuweni wanga wa ku Johannesburg anandipatsa kabokosi ka masewera ochedwa Dungeons & Dragons. Masewerawa anaturuka ku America m'caka ca 1974, ndipo anawapanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Munthu mmodzi akhala wokamba nkhani. Ena onse atenga yense munthu wace wa m'nkhanimo, nanena cimene munthuyo afuna kucita. Cikakhala cobvuta, aponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati catheka.

Ine ndinadzisankha ndekha kukhala wokamba nkhani. Masabata atatu ndinali kulemba mbiri ya dziko langa lopeka kumapeto kwa kope la Geography: mafumu ace, mitsinje yace, ndi nkhondo zonse zimene anamenya makolo ao. Ndinanyada nayo kwambiri.

Loweruka madzulo, titatha kudya nsima ya nyemba, tinasonkhana anthu asanu m'kalasi. Tinali ndi ora limodzi ndi theka belu logonera lisanalire. Ndinatsegula kope, ndi kuyamba kuwerenga. Pamene ndinafika pa mfumu yacinai, mmodzi anali atatsamira desiki, tulo tofa nato. Wina anati, "Kodi iwe, dayisiyo tiigwira liti?" Ndinamuuza kuti adikire pang'ono. Sanadikire ai, anapita kukasewera bawo. Belu linalira dayisi iri m'thumba langa, ndipo ndinagona ndi manyazi akuru.

M'mawa mwace ndinawerenga kabuku ka m'bokosimo, kamene ndinakanyoza poyamba, kochedwa Lost Mine of Phandelver, ka 2014. Mmenemo osewera ayendetsa ngolo kucokera ku Neverwinter kunka ku Phandalin. Ali paulendo apeza akavalo awiri akufa pamseu, olasidwa ndi mibvi, ndipo adani awabvumbulukira m'chire. Mbiri ya mgodi wotayikawo aimva pambuyo, pang'onopang'ono, pamene iwo eni ayamba kuifuna. Pamenepo ndinakumbukira agogo anga. Iwo akati "Padangokhala," ife nkuti "Tiri tonse," Kalulu ali kale pacitsime kuba madzi. Sanatiuzepo dzina la atate wace wa Kalulu.

Loweruka lotsatira anabwera atatu okha, ndiponso ndinacita kuwapempha. Kope ndinalisiya ku dormitory. Ndinati, "Muli pamlatho usiku, ng'ombe zakana kuyenda, ndipo pansi pa mlathowo mwana alikulira. Mucita ciani?" Onse analankhula nthawi imodzi. Mmodzi anatsika ndi cingwe, naponya dayisi, igwa pa 3, ndipo anagwera m'madzi. Tinaseka mpaka prefect anasuzumira pazenera.

Koma ndisabise: sabata lacitatu ndinalakwanso mbali yina. Poopa kuti agonanso, ndinawapatsa nkhondo pamwamba pa nkhondo, osapuma, kotero kuti belu litalira palibe anadziwa dzina la munthu wa mnzace, kapena cifukwa cimene anali kumenyera. Tsopano ikatha nkhondo yoyamba ndiwakhazika pamoto, ndi kukhala cete mphindi zingapo kuti akambirane okha. Kukhala cete ndiko kundibvuta koposa zonse.

Uja wa bawo anabwerera sabata lacinai. Anthu ace atapeza manda akale m'phiri, anandifunsa kuti, "Wagona umu ndani?" Ndinamuuza kuti ndi mfumu yacinai.