Pakati pa Sijida ndi Bwalo la Mpira

Wodwala amakhala ndi omuzonda ambiri akadali m'chipatala. Bala likapola, ulusi n'kuchotsedwa, abale amayamika Allah nabwerera ku ntchito zawo, ndipo n'koyenera kutero. Komabe matenda ali ndi chigawo china chimene sichiona alendo: miyezi imene ululu umatsalira m'thupi pamene anthu onse akukuyesa wochira. Ine ndakhala m'chigawo chimenechi miyezi 18, chichitidwire opaleshoni ya chiuno changa chakumanzere.

Ndinavulala pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza ndili ndi zaka 34. Pothyoka pake panali pakhosi pa fupa la ntchafu, pamalo opyapyala amene amalumikiza fupa lalitalilo ndi mutu wake wobulungira, womwe umazungulira m'kachikho ka fupa la chiuno. Madokotala analumikiza malowo ndi zomangira zachitsulo zitatu. Anandifotokozeranso kuti mitsempha yopititsa magazi kumutu wa fupalo imadutsa pakhosi pomwepo. Ikavulala, mutuwo ukhoza kuyamba kufa mwakachetechete, ndipo zimenezi zimatha kuonekera ngakhale patapita zaka ziwiri. N'chifukwa chake ndimapitabe kukajambulitsa X-ray ngakhale ndinasiya ndodo kalekale.

Ndisanalote n'komwe za mpira, ndinayenera kuphunziranso kuswali. Munthu wathanzi sadziwa kuchuluka kwa ntchito imene chiuno chimagwira pa raka imodzi yokha. Rukuu imachipinda, sijida imachipinda koposa, ndipo kakhalidwe ka tashahudi yomaliza, monga momwe ife otsatira Imam Shafi'i timakhalira, kamaika thupi lonse mbali yakumanzere, mbali yomwe ili ndi zitsulo zanga. Kwa miyezi yambiri ndinkaswali pampando kumapeto kwa safu, pakati pa agogo awiri oyenda ndi mikombero. Mtima unkandiwawa ndikaona anzanga amsinkhu wanga akugunditsa mphumi pansi ine ndikungoweramitsa mutu.

Shehe wa pamzikiti wathu anaiona nkhope yanga tsiku lina swala ya Ijumaa itatha. “Mwana wanga, kodi mpandowu wakuchotsa pa safu?” anafunsa motero. “Iyayi, Shehe,” ndinayankha. “Nanga chikukudya n'chiyani?” Kenaka anandikumbutsa za Swahaba Imran bin Husayn (RA), amene atadwala anakafunsa za swala, ndipo Mtumiki (SAW) anamulola kuswali chokhala akalephera kuimirira, ngakhalenso chogona akalephera kukhala. Nkhaniyi ili mu Sahih al-Bukhari. Chilolezo chimenechi ndinachiphunzira ndili mwana ku madrasa, koma kukoma kwake ndinakumva pamene chinakhala changachanga.

Panalinso kanthu kena kamene kankandisangalatsa. Dokotala wa mafizo anandiphunzitsa kuti pokwera makwerero uzitsogola mwendo wabwino, potsika uzitsogola wovulala. Mwendo wanga wabwino ndi wamanja. Choncho ndinkakwera kulowa mumzikiti ndi mwendo wamanja n'kutsika ndi wamanzere, ndendende monga sunnah imatiphunzitsira. Malangizo a kuchipatala ndi a ku madrasa anakumana pakhomo limodzi.

Phunziro lalikulu la mafizo linali kusiyanitsa ululu. Pali ululu wa minofu yofooka imene ikudzuka ku tulo, makamaka ya m'mbali mwa chiuno, yomwe imagwira thupi kuti lisapendekeke munthu akaponda ndi mwendo umodzi. Minofuyi ikafooka munthu amatsimphina, ndipo kutsimphinako kumabala ululu wina kumsana ndi m'bondo. Ululu wotere umabwera pochita mafizo, n'kuzilala lisanathe tsiku limodzi, ndipo suletsa kupitiriza. Koma ululu wolasa m'mphechepeche umene ukukulirakulira, wokudzutsa usiku, kapena wobwera pamodzi ndi kutupa, kufiira kwa bala ndi kutentha thupi, ndi wothamangira nawo kuchipatala. Ndili ndi kabuku momwe madzulo aliwonse ndimalembamo zimene ndachita ndi mlingo wa ululu, kuyambira 0 mpaka 10. Kabukuka kamandithandiza pa masiku oipa, chifukwa kamandionetsa kuti 6 wa lero anali 8 miyezi inayi yapitayo.

Ramadhani inabwera ndi funso lakelake. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac amatha kupsereza m'mimba akamwedwa munthu asanadye, ndiponso amalemetsa impso thupi likakhala lopanda madzi okwanira. Wosala tsiku lonse m'nyengo yotentha ali pa chiopsezo chimenechi. Mwezi usanaoneke ndinakakambirana ndi dokotala, ndipo tinagwirizana kuti ndizidalira Panado pa mlingo umene iye anandiuza, ndizimwa madzi ambiri pakati pa Maghribi ndi daku, ndiponso mafizo olemera ndizichita usiku nditamasula. Tarawehi ndinkaiyamba choimirira n'kuimaliza pampando. Swaumu yanga inatha bwino, Alhamdulillah.

Tsono mpira. Ndausewera kuyambira ndili kamnyamata, wachikulunga poyamba, kenaka m'timu ya m'dera lathu monga wotchinga kumbuyo. Kubwerera kwanga kwayenda ngati nkhono, ndipo akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyenda pokha chiuno chimasenza mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi. Pothamanga ndi podumpha mphamvuyo imakwera kwambiri. Choncho ndinayamba ndi kuyenda pamalo athyathyathya, kenaka njinga yakapalasa chishalo nditachikweza kuti chiuno chisapindike kwambiri. Dokotala atakhutira ndi chithunzi cha fupa, anandilola kuthamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi zinayi, pa udzu, masiku atatu pa sabata, ndipo ndinkawonjezera pokhapokha ngati m'mawa mwake chiuno chadzuka chili phee.

Anzanga amakonda kundilimbitsa mtima ndi nkhani ya Andy Murray, katswiri wa tenesi wa ku Scotland. Iye anachitidwa opaleshoni ya chiuno mu Januwale 2018, ululu osatha, nachitidwanso ina ku London mu Januwale 2019 yomuveka chitsulo pamutu pa fupa. Mu Okutobala chaka chomwecho anatenga chikho ku Antwerp, ndipo anasewerabe mpaka 2024. Nkhaniyi imandilimbikitsa, koma ndimakumbukira kuti vuto lake linali losiyana ndi langa, ndiponso kuti iye anali ndi gulu la akatswiri omuyang'anira tsiku ndi tsiku. Ine ndili ndi mkazi ndi ana atatu amene chakudya chawo chimadalira miyendo yomweyi.

Mayi a kunyumba amafuna nditausiyiratu mpira, ndipo mantha awo ali ndi maziko, pakuti ndi iwo amene ankanditembenuza pamphasa ndi kunditungira madzi a wudhu. Nanenso ndikudziwa kuti thupi ndi amana imene tidzafunsidwa za iyo. Koma kusunga amana kukuphatikizapo kuilimbitsa, ndipo Mtumiki (SAW) mwini anapikisanapo liwiro ndi mayi athu Aisha (RA). Titakambirana mofatsa tinapangana motere: mpira wa mpikisano, wa kuwombana ndi kugwetsana, ndausiya. Loweruka m'mawa ndimaphunzitsa anyamata a ku madrasa, n'kusewera nawo mphindi 20 zopatsirana mpira popanda kulimbana. Chiuno chikadandaula, sabata yotsatirayo ndimaima pamzere ndi wezulo pakamwa.

Sijida yapansi ndinaibwerera m'mwezi wa 11, ndipo ndinachedwa kudzutsa mutu chifukwa cha misozi. Ululu ukadalipo, umandichezera kukazizira ndiponso ndikakhalitsa m'minibasi. Kwatsala miyezi 6 kuti zaka ziwiri zikwane, pamene chithunzi china chidzanene ngati mutu wa fupa uli moyo. Mpaka tsiku limenelo ndipitiriza mafizo anga Fajiri ikatha, ndilemba m'kabuku kanga madzulo, ndipo zotsalazo ndazisiya m'manja mwa Ash-Shaafi, Mwini kuchiritsa.