Chifuwa cha mwana chikakana mankhwala, si ufiti ayi

Ife a mumsika matenda timawadziwa atatu: malungo, chifuwa ndi kutsegula m'mimba. Mwana akadwala china, msangamsanga timati walodzedwa ndi mnzathu wa benchi loyandikana, ati nsanje ya malonda. Abale anga, matenda ena amangofuna dokotala basi.

Ine ndimagulitsa nanazi pa Chitakale kuno ku Mulanje. Mwana wa achemwali anga, wazaka 9, adayamba kutsokomola. Pachipatala china chaching'ono adampatsa mankhwala a chifuwa, kenaka a mphumu, koma osasintha. Usiku sankatha kugona chagada, mpweya umamuthera. M'mawa nkhope yotupa. Achibale ati "nzakumudzi izi," mpamba wonse wa achemwali nkuthera kwa asing'anga.

Atamjambula pachifuwa, adamtumiza ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko adatifotokozera kuti kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kamathandiza kupanga asilikali a m'thupi mwa mwana. Khansa ya mtundu wa lymphoma ikagwira pamenepo, chotupacho chimapanikiza njira ya mpweya ndi mitsempha ya magazi. Ndiye kubanika kuja, ndiye kutupa nkhope kuja.

Khansa ya pathymus siichuluka. Yofala kwa ana kuno kwathu ndi mbale wake, Burkitt lymphoma, imene imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba. Dokotala Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imakonda madera a malungo ambiri ngati athu ano. Zonse ziwirizi zimakula mofulumira zedi, m'masabata chabe, koma zikapezeka msanga zimamva mankhwala.

Mwana wathu adayamba mankhwala a mudiripi. Tsitsi lidathothoka, kusanza ndiye osanena, koma pasanathe sabata adagona chagada. Nkhondo ina idali ya thiransipoti, pakuti mankhwalawa ndi a miyezi yambiri. Ena amathawa mwana akangopeza bwino, matenda nkubwerera mwaukali. Ife amayi a chipereganyu tinkasonkherana ya minibasi.

Tsono inu anzanga a ku Limbe, Limbuli ndi Luchenza, chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena chotupa chikamakula mukuona, pitani kuchipatala cha boma kapena ku Mulanje Mission. Funsani ngati mwanayo angajambulidwe. Benchi musiyireni mnzanu yemwe mumamukayikirayo, akugulitsirani.