Kabowo kosaoneka ndi maso mu fuel cell

Pakati pa fuel cell, chipangizo chopanga magetsi m'galimoto ngati Toyota Mirai, pamakhala kansalu kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Ntchito yake ndi kulekanitsa mpweya wa hydrogen ndi wa oxygen kuti isakumane mwachindunji. Kansaluka kakabooka pang'ono, diso silingaone, koma mipweyayo imasakanikirana, malowo amatentha, ndipo kabowo kamanka kakukula mpaka chipangizo chonse kuwonongeka.

Pofuna kupeza vutoli msanga, akatswiri amalowetsa hydrogen mbali imodzi ndi nitrogen mbali inayo, kenako n'kuyeza kuchuluka kwa hydrogen amene wawolokera tsidya linalo. Ngakhale kansalu katsopano kamadutsitsa pang'ono ndithu. Muyeso ukakwera kwambiri, ndiye kuti penapake pabooka kapena paperepeseka.

Kuti adziwe malo enieniwo, mbali inayo amaisiya pamphepo. Hydrogen wodutsa pakabowo amakumana ndi oxygen pa platinum yemwe amakhala atamatidwa pakansaluko, ndipo kutentha kumabuka pomwepo. Kamera ya infrared, yomwe imaona kutentha, imaonetsa kadontho kowala, choncho chidutswa cholakwikacho amachichotsa asanachimange pamodzi ndi zinzake mazanamazana zopanga chipangizo chonse.