Okutobala ku Botaniki ya ku Zomba

Ku Zomba chilimwe chimabwera ndi maluwa. Seputembala akamatha, fumbi lili koboo m'misewu, mitengo ya jakaranda imavala maluwa a pepo, ndipo m'mbali mwa phiri mombo umatulutsa masamba anthete ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Dzuwa likafika paliwombo, malo ozizira m'tauni yonse ndi ku Botaniki, kumene mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati pa miyala ndi nsungwi.

Mundawu unayambika mu 1891. Anauyambitsa ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, ndipo cholinga chinali kuyesa mbewu ndi mitengo yochokera kunja ngati ingachite bwino m'nthaka yathu. Ndi Whyte yemweyu amene dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei. Choncho mundawu sunali malo oti anthu wamba azikapungako mphepo, ndipo makolo athu anali asanasinthe maganizo amenewo ngakhale m'zaka za m'ma 1980, pamene ine ndinkakula.

Ukanena kuti ukupita kukaona maluwa, agogo ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Maluwawo ndi ndiwo?" Kwa iwo munthu woyenda wopanda khasu, mtolo kapena uthenga wa maliro anali mlesi basi. Amene ankapezeka kumeneko anali ophunzira a ku Chancellor College atanyamula mabuku, azungu ochepa, ndi anyamata ndi atsikana amene ankafuna pobisalira maso a azakhali. Atsikanawo ankavala masiketi opitirira mawondo, poti lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza.

Munthu wofunika kwambiri anali wojambula. Ankabwera pa njinga, kamera ili lende pakhosi, ndipo unkalipira theka la ndalama nthawi yomweyo. Ankakuimika pafupi ndi chitsamba chamaluwa, dzanja limodzi litagwira nthambi, linalo lili m'chiuno kuti wotchi yobwereka ioneke bwino. Kenako kudikira. Filimu inkayenera kudzaza kaye, zithunzi 36, asanakaitsukitse, ndipo pankatha milungu. Ngati unatsinzina, unatsinzina. Chithunzicho chinkalowabe mu alubamu, alendo n'kumachiona zaka ndi zaka.

Pitaniko Loweruka masiku ano. Magalimoto a ukwati amafika ndi mahutala, aperekezi atavala zofanana kuyambira nsapato, wojambula kanema akulamula mkwati ndi mkwatibwi kuti abwerere mmbuyo ayendenso kachitatu. Cha apo akwaya akujambulitsa nyimbo, cha uko banja layala chitenje, latsegula zakudya, mwana akuthamangitsa pusi amene wathawa ndi nthochi. Aliyense foni m'manja. Mtsikana wa jinzi amajambula nkhope yake kambirimbiri pa duwa limodzi, n'kufufuta zonse kusiya chimodzi cha pa WhatsApp.

Anzanga a msinkhu wanga amadandaula kuti bata linatha, ndiponso kuti achinyamata saona duwa, amangoona nkhope zawo. Mwina. Koma ifenso sitinkawerenga timapepala tachitsulo ta mayina a mitengo. Tinkafuna chithunzi ngati iwowa, kungoti tinalibe njira. Ine ndimakondwa kuona mayi wogulitsa tomato mumsika atabwera ndi ana ake kudzakhala pa kapinga osaona ngati walowa pabwalo la eni. Bungwe loyang'anira mundawu la National Herbarium and Botanic Gardens, limene linakhazikitsidwa mu 1987, lili ndi minda inanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ana asukulu amapitako ndi aphunzitsi awo, zomwe ife sitinazionepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa chili kumtunda. Ukakweza maso kuchokera mumthunzi, umaona mbali za phiri zimene zinali nkhalango zili mbee, moto wolusa ukufuka, anthu akutsika ndi matumba a makala. Madzi a Mulunguzi amachokera kumeneko.

Ojambula akale aja sanatheretu. Ena anagula makina osindikizira, ndipo pa ukwati kapena pa tsiku lolandira madigiri amakujambula osakufunsa. Ukamatuluka umapeza nkhope yako yayalidwa pansi pamodzi ndi za anthu ena, mwiniwake akukuitana kuti mugwirizane mtengo.